Oda iti iyambe pa makina? Za genetic algorithm ndi data ya m'fakitale

Wapamakina:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimagwira ntchito pa kafakitale kopanga zinthu zachitsulo: mafelemu a mawindo, zitseko, mashelefu ndi zina zotere. Ntchito yanga ndi yokonza ndandanda ya maoda, kuti iyi iyambe, iyo idikire. Tsopano abwana abwera ku msonkhano wina atatengeka kwambiri ndi chinthu chotchedwa genetic algorithm. Akufuna tigule pulogalamu yoti izitikonzera ndandanda, komanso itiuze poika makina atsopano amene akubwera. Akutinso pamenepa palowe data mining. Ine masamu anga ndi apakatikati. Kodi zinthuzi zimagwiradi ntchito kapena ndi malonda chabe?

Mphunzitsi_wa_masamu:
Achimwene, tisanafike ku genetic algorithm tiuzeni kaye: oda imodzi imadutsa pa makina angati, ndipo kodi maoda onse amayenda njira imodzi?

Wapamakina:
Ambiri amadutsa pawiri, aphunzitsi. Koyamba kodula, kenako kowotcherera. Ena amapitirira kokapaka penti, ena amafuna kupinda kaye asanawotchereredwe.

Mphunzitsi_wa_masamu:
Ngati ndi choncho, gawo lalikulu la vuto lanu linathetsedwa kale mu 1954, ndipo simufunika kugula kanthu. S. M. Johnson, yemwe ankagwira ntchito ku bungwe lofufuza la ku America lotchedwa RAND, anasonyeza kuti ngati ntchito zonse zikudutsa pa makina awiri motsatana, pali lamulo lophweka lopezera ndandanda yotha msanga kuposa ina iliyonse. Lembani nthawi imene oda iliyonse imatenga pa makina oyamba ndi pa makina achiwiri. Fufuzani nambala yaing'ono kwambiri pa zonsezo. Ikakhala ya makina oyamba, odayo iikeni kutsogolo. Ikakhala ya makina achiwiri, iikeni kumapeto. Ifufuteni pa mndandanda, bwerezani mpaka zithe.

Tiyerekeze maoda 5, nthawi m'maola, kudula kenako kuwotcherera: A ndi 6 ndi 3, B ndi 2 ndi 5, C ndi 8 ndi 7, D ndi 4 ndi 9, E ndi 7 ndi 1.

Yaing'ono kwambiri ndi 1 ya E, pa kuwotcherera, choncho E ikhala yomaliza. Kenako 2 ya B, pa kudula, B iyambe. Kenako 3 ya A, pa kuwotcherera, A ikhale pafupi ndi mapeto, patsogolo pa E. Kenako 4 ya D, pa kudula, D itsatire B. C yatsala pakati. Ndandanda ndi B, D, C, A, E, ndipo zonse zitha pa ola la 28. Mukangowatenga monga anabwerera, A, B, C, D, E, mutha pa ola la 33, chifukwa wowotcherera akhala manja lende maola 6 oyambirira kudikira A, kenako adikiranso C. Maola 5 apulumuka ndi pensulo basi. Ndipo kutsika pansi pa 28 n'kosatheka, poti kudula kokha kumadya maola 27, ndipo chodulidwa pomaliza chiyenerabe kuwotchereredwa.

Wophunzira_uinjiniya:
Aphunzitsi, nanga bwanji kompyuta isangoyesa ndandanda zonse n'kusankha yabwino? Makompyuta a masiku ano ndi achangutu.

Mphunzitsi_wa_masamu:
Pa maoda 5 ndandanda zilipo 120, mutha kuziyesa ngakhale pa foni. Pa maoda 10 zilipo 3,628,800, kompyuta sivutika nazo. Koma pa maoda 20 zikukwana 2,432,902,008,176,640,000. Kompyuta yoyesa ndandanda 1 biliyoni pa sekondi iliyonse ingathe zaka zoposa 75 isanamalize. Ndipo mwayi wa Johnson uja umathera pa makina awiri. Mu 1976 Garey, Johnson wina ndi Sethi anatsimikiza kuti makina akangofika atatu vutoli limalowa m'gulu la mavuto otchedwa NP-hard, amene mpaka lero palibe anapeza njira yachangu yowathetsera onse. Zikamafika poti oda iliyonse ili ndi njira yakeyake m'fakitale ndiye zimaipiratu. Fisher ndi Thompson anafalitsa chitsanzo cha ntchito 10 pa makina 10 mu 1963, ndipo chinazunguza akatswiri mpaka 1989 pamene Carlier ndi Pinson anatsimikiza kuti yankho labwino kwambiri ndi 930. Ntchito 10 zokha.

Apa m'pamene ma algorithm (njira zimene kompyuta imatsata pofufuza yankho) ngati amene abwana anu amva amalowera. Sakulonjeza yankho labwino koposa. Amalonjeza yankho labwinoko lopezeka mu nthawi yoti munthu n'kudikira.

Mayi_Injiniya:
Ndiloleni ndifotokozeko genetic algorithm yo, poti ndinaigwiritsapo ntchito pa ndandanda. Maganizo ake anachokera kwa John Holland wa ku University of Michigan, amene anawalemba m'buku mu 1975. Mumayamba ndi gulu la ndandanda zosankhidwa mwachisawawa, tinene 100. Iliyonse mumaiyeza kuti ikutha nthawi yanji. Zabwinoko mumazilola kubereka: mumatenga chigawo cha iyi ndi chigawo cha iyo n'kupanga mwana. Apo ndi apo mumasinthanitsa maoda awiri mwadala kuti gulu lisafanane kwambiri. Zoipa zimatayidwa, ndipo mumabwereza kambirimbiri.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa kuberekapo. Kholo loyamba likhale A B C D E, lachiwiri D A E B C. Mukatenga awiri oyamba a loyambalo ndi atatu omaliza a lachiwirilo mupeza A B E B C. Onani, B yabwera kawiri, D yasowa. Kasitomala wa D sadzalandira zitseko zake mpaka kalekale. Ndiye pamafunika njira yoberekera yosamala: tengani A B, kenako dzazani otsalawo potsata m'mene akuonekera mwa kholo lachiwiri, D E C, mwana akhale A B D E C. Tinthu ngati timeneti n'timene timasiyanitsa pulogalamu yabwino ndi yachabechabe, koma wogulitsa sakuuzani. Iye amangotchula dzina la algorithm.

Wapamakina:
Ndiye ndi yabwino kapena ayi, amayi? Mawa abwana andifunsa.

Mayi_Injiniya:
Ndi yabwino pa mavuto aakulu osokonekera. Koma si yokhayo. Pali simulated annealing, imene Kirkpatrick, Gelatt ndi Vecchi a ku IBM anafalitsa mu 1983. Inu a zitsulo muimvetsa msanga, chifukwa anatengera kaziziritsidwe ka chitsulo: mukachiziziritsa pang'onopang'ono chimakhazikika bwino m'kati, mukachiponya m'madzi chimauma n'kukhala chosachedwa kuthyoka. Algorithm yi imayamba ndi ndandanda imodzi, n'kumaisintha pang'ono. Kusinthako kukakonza zinthu imalandira. Kukaipitsa, nthawi zina imalandirabe, makamaka kumayambiriro, kuti isakodwe pa yankho looneka labwino pamene labwino lenileni lili patsogolo. Ikamapita imayamba kuuma mtima. Palinso tabu search ya Fred Glover ya 1986, imene imasunga mndandanda wa zimene yangochita kumene kuti isazibwereze, ndipo pa ndandanda za m'fakitale imeneyi ili ndi mbiri yabwino kwambiri. Marco Dorigo anabweretsa yotengera kayendedwe ka nyerere mu 1992, Kennedy ndi Eberhart yotengera kaulukidwe ka gulu la mbalame mu 1995.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi OR-Tools, pulogalamu ya Google yothetsera mavuto otere. Ndi yaulere, ndipo chitsanzo cha 10 ndi 10 chimene aphunzitsi anena chija imachimaliza munthu asanatope kudikira.

Wophunzira_uinjiniya:
Kusukulu mnzanga akulemba za algorithm ya mimbulu, wina ya anamgumi. Akuti zimenezi ndiye zamakono ndipo zimaposa genetic algorithm.

Mphunzitsi_wa_masamu:
Kkkk nyama zatha m'tchire, zonse zalowa m'makompyuta. Mwana wanga, chenjera nazo. Zambiri mwa izo ukazivula dzina upeza ndi maganizo akale omwe aja atavala malaya ena. Kenneth Sörensen analemba zodzudzula mchitidwe umenewu mu 2015. Komanso Wolpert ndi Macready anatsimikiza mu 1997 kuti ukaphatikiza mavuto onse otheka, palibe algorithm yofufuza imene imaposa inzake. Imene yapambana pa vuto ili yapambana chifukwa ikugwirizana ndi kapangidwe ka vutolo. Munthu akakuuza kuti yake imaposa zonse, mufunse kuti pa vuto liti, ndipo anaiyerekeza ndi chiyani.

Mkulu_wa_shifiti:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyankhulepo. Masamu anuwa ndi okoma, aphunzitsi, sindikutsutsa. Funso langa ndi limodzi: 6 ndi 3 wa oda A uja mwamutenga kuti? Ine ndakulira pakati pa makina. Nthawi yolembedwa pa kadi ya ntchito si nthawi imene ntchito imatenga. Wowotcherera wozolowera amamaliza felemu mnzake watsopano asanafike ndi pakati pomwe. Tsamba la sowo likabuntha kudula kumachedwa. Chitsulo chikabwera chopindika mumayamba mwachiwongola. Ndipo chachikulu chimene simunachitchule ndi nthawi yosintha makina kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina. Kopaka penti, mukachoka pa woyera kupita pa wakuda mumangotsuka pang'ono. Mukachoka pa wakuda kupita pa woyera mumatsuka mfuti yopoperayo mpaka itayera mbee, apo ayi zitseko zituluka zotuwa. Ndandanda ya kompyuta imene sidziwa zimenezi anyamata amaiyang'ana m'mawa, n'kuipinda, n'kuika m'thumba, n'kuchita zimene amadziwa.

Mayi_Injiniya:
Bambo, mwalasa. Komatu zimenezo zimalowa mu algorithm ngati wina waziuza. Nthawi yosintha yodalira chimene chinali pa makina poyamba ndi vuto lodziwika, limafanana ndi lija la wamalonda woyendera mizinda yambiri amene akufuna njira yaifupi. Vuto si lakuti masamu sangathe. Vuto ndi lakuti wolemba pulogalamu sanafike kopaka penti kukafunsa.

Mkulu_wa_shifiti:
Eetu. Ndipo safika.

Zadata:
Pepani ndachedwa kulowa. Achimwene Wapamakina munafunsa kuti data mining ikukumana pati ndi zimenezi, ndipo a shifiti akuyankhirani osadziwa. Algorithm yokonza ndandanda imadya manambala. Data mining ndi ntchito yofukula manambala oona kuchokera m'zolemba zimene muli nazo kale: makadi a ntchito, mabuku a maoda, zolemba za zinthu zobwezedwa. Mukaipatsa manambala ongoganizira, idzakupatsani ndandanda yabwino kwambiri ya fakitale imene kulibe.

Chinthu choyamba chimene ndimachita ndikapatsidwa zolemba za m'fakitale ndi kuyang'ana manambala omalizira a nthawi. Mukaona kuti pafupifupi ntchito iliyonse inatenga mphindi 30, 60, 90 kapena 120, dziwani kuti palibe amene ankayang'ana wotchi. Munthu ankadzaza kadi poweruka, kuchokera m'mutu. Data yotere musaipatse algorithm iliyonse. Yambani mwakonza kalembedwe.

Data ikakhala yabwino, pali zinthu zokoma zimene mungachite. Chimodzi ndi kugawa zopanga zanu m'mabanja. Lembani tebulo, m'mbali makina, pamwamba zinthu zimene mumapanga, muike 1 pamene chinthu chimadutsa pa makinawo ndi 0 pamene sichidutsa. J. R. King anafalitsa mu 1980 njira yosanja mizere ya tebulo lotere mpaka ma 1 aunjikane m'magulu. Gulu lililonse likukuuzani kuti zinthu izi zimayenda pa makina awa, choncho makinawo akhale moyandikana. Pamenepo data mining yayankha kale theka la funso la abwana anu la poika makina.

Wapamakina:
Pa za makina atsopanozo, tikhala ndi makina 8 onse pamodzi. Apanso pafunika genetic algorithm?

Mphunzitsi_wa_masamu:
Ayi. Makina 8 pa malo 8 ndi njira 40,320 zokha, kompyuta iziyesa zonse m'kanthawi kochepa n'kukupatsani yabwino koposa, osati yongoyandikira. Vutoli analilemba mwamasamu Koopmans ndi Beckmann mu 1957, ndipo likakula ndi loopsa: chitsanzo china cha malo 30 chotchedwa nug30 chinathetsedwa mu 2000 pogwiritsa ntchito makompyuta mazanamazana kwa pafupifupi sabata yathunthu. Koma inu muli pa 8. Chimene mukufunika ndi matebulo awiri. Loyamba, katundu amayenda kangati kuchoka pa makina awa kupita pa awo, ndipo limeneli lichokera m'mabuku a maoda monga a Zadata anenera. Lachiwiri, mtunda pakati pa malo ndi malo, ndipo limeneli ndi la tepi. Muchulukitse maulendo ndi mtunda, muphatikize, musankhe kaikidwe kopereka nambala yaing'ono.

Mkulu_wa_shifiti:
Bola musaike chowotcherera pafupi ndi penti chifukwa kompyuta yati mtunda wafupika. Nthethe za moto ndi thina sizionana. Komanso makina ena amafuna magetsi amphamvu amene ali mbali imodzi yokha ya nyumba, ndipo chitsulo chachitali chimafuna malo otembenukira.

Mphunzitsi_wa_masamu:
Zoona, ndipo zimenezo zimangochepetsa ntchito. Makina amene sangasunthe mumawakhomera pamalo pake, njira zoletsedwa mumazichotsa, 40,320 uja amatsika kwambiri.

Zadata:
Ndibwerere pa data mining pang'ono, chifukwa pali msampha umene ndikufuna achimwenewa audziwe abwana asanagule chilichonse. Mapulogalamu ambiri ali ndi gawo lofufuza zinthu zimene zimachitikira limodzi. Njira yotchuka ndi Apriori ya Agrawal ndi Srikant ya 1994, imene poyamba inkafufuza katundu amene anthu amagula pamodzi m'masitolo. M'fakitale amaigwiritsa ntchito pofufuza chimene chimayenda ndi zinthu zowonongeka.

Tiyerekeze kuti mwapanga zitseko 1,000 ndipo 100 zabwezedwa. Pulogalamu ikuuzani kuti mwa zobwezedwazo 70 zinapangidwa usiku. Abwana alusa, aitana a shifiti ya usiku. Koma dikirani. Ngati usiku mumapanga zitseko 700 mwa 1,000 zija, ndiye kuti usiku ndi masana n'chimodzimodzi, 10 pa 100 iliyonse. Palibe nkhani. Ndipo ngakhale usiku utapezekadi kuti ukuwononga zambiri, funsani kaye kuti usiku amapatsidwa ntchito zanji. Mwina ndi amene amawotcherera malata opyapyala osachedwa kubooka, chifukwa wokonza ndandanda, inuyo achimwene, mumakankhira ntchito zimenezo madzulo. Olakwa akhala malata, odzudzulidwa akhala anthu. Algorithm siidziwa kusiyanitsa zimenezi, imangowerenga zimene zapezekera limodzi.

Wophunzira_uinjiniya:
Ine ndimaganiza kuti optimization, kufufuza yankho labwino koposa kumene takhala tikukamba kuja, ndi data mining ndi maphunziro awiri osiyana. Pano zikuoneka ngati zikulowana.

Zadata:
Zimalowana kumbali zonse. Data mining imadyetsa optimization manambala, koma m'kati mwa data mining mwenimwenimo muli optimization. Tenga k-means, njira yogawa zinthu m'magulu imene Stuart Lloyd anaipeza ku Bell Labs mu 1957. Imayesetsa kuchepetsa mtunda pakati pa chinthu chilichonse ndi pakati pa gulu lake, ndipo imakodwa pa yankho losakwanira monga amayi anenera muja. Ukaiyambitsa pena ikupatsa magulu ena, ukaiyambitsa penanso magulu asintha. N'chifukwa chake timaithamangitsa kangapo n'kusankha zotsatira zabwino.

Kwina kumene genetic algorithm imagwira ntchito ndi posankha zoyezera. Tinene makina ali ndi zoyezera 40, kutentha, kunjenjemera, mphamvu ya magetsi ndi zina, ndipo ukufuna kudziwa zochepa zimene zimalosera kuti makina atsala pang'ono kuwonongeka. Magulu otheka a zoyezera 40 ndi oposa 1 thiriliyoni, sungayese onse, ndiye genetic algorithm imathandiza. Koma ukailekerera nthawi yaitali pa data yochepa imaloweza data yo m'malo mophunzira. Ikupatsa zotsatira zokongola pa miyezi imene yaona, mwezi wamawa n'kugwa chagada. Mankhwala ake ndi kubisa gawo la data, makamaka la miyezi yomalizira, osaionetsa mpaka pamapeto poyesa.

Mayi_Injiniya:
Pali chinanso chimene tonse tachilumpha. Aphunzitsi, ndandanda yanu ija yaika E kumapeto. Bwanji ngati E ndi ya kasitomala amene tinamulonjeza mawa m'mawa?

Mphunzitsi_wa_masamu:
Ndiye kuti lamulo la Johnson layankha funso lina, osati lanulo. Ilo limafuna kuti ntchito zonse zithe msanga, silisamala kuti ya ndani yatha liti. Mukafuna kuti oda yochedwa kwambiri isachedwe mopitirira, pa makina amodzi mumayamba ndi imene tsiku lake lili pafupi, Jackson anasonyeza zimenezo mu 1955. Mukafuna kuti maoda asamakhalitse m'fakitale, mumayamba ndi aafupi, limenelo ndi la Smith la 1956. Malamulo atatu, ndandanda zitatu zosiyana, ndipo lililonse ndi lolondola pa funso lake.

Mayi_Injiniya:
Ndiye achimwene Wapamakina, mawa abwana akakufunsani, inu muwafunsenso: bwana, chikutipweteka kwambiri n'chiyani? Makasitomala akudandaula za kuchedwa? Tikulipira maola owonjezera ambiri? Kapena pansi padzaza zinthu zosamalizidwa zimene tikupunthwa nazo? Asankhe chimodzi, kapena anene kuti ichi chikulemera kangati poyerekeza ndi icho. Palibe pulogalamu imene ingawasankhire. Akakana kusankha, pulogalamuyo idzasankha zimene wolemba wake anaika m'kati, ndipo inu simudzadziwa n'komwe.

Wapamakina:
Ndikudziwa kale yankho lawo. Adzati zonse.

Mayi_Injiniya:
Onse amatero kkkk. Apatseni ndandanda ziwiri za sabata imodzi yomweyo, ina yotha msanga koma yochedwetsa kasitomala mmodzi wamkulu, ina yosunga malonjezo onse koma yofuna maola owonjezera Loweruka. Imene aloze ndi chala ndiyo yankho lawo.

Mkulu_wa_shifiti:
Ine sindinakhutirebe kuti kafakitale ka makina 8 kakufunika zonsezi. Pezani makina amene ntchito zimaunjikana patsogolo pake, mwa inu ndikuganiza kuti ndi kowotcherera, muonetsetse kuti sakukhala chete, ngakhale nthawi ya nkhomaliro anthu azisinthana. Goldratt, katswiri wa kayendetsedwe ka mafakitale, ankaphunzitsa zomwezo m'zaka za m'ma 1980. Kwinako kudziyendera.

Zadata:
Mwina mukunena zoona, bambo, koma kuti tidziwe kuti ndi kowotchereradi tifunika manambala omwe aja. Nthawi zambiri pamene anthu amaloza si pamenepo. Zinthu zimatha kuunjikana kowotcherera chifukwa kodula akutumiza zidutswa zosakwanira, mbali zitatu za felemu zafika, yachinayi ikadali m'mbuyo.

Wapamakina:
Zimenezo zimachitikadi kwathu. Chabwino, ndiyamba ndi makadi. Ndiwonjezere chiyani pa kadi kuti data yake idzathandize?

Zadata:
Nthawi yoyamba ndi nthawi yomaliza, zolembedwa pomwepo, osati kuchuluka kwa mphindi. Nthawi yosintha makina ikhale payokha. Ntchito imene inali pa makina isanabwere iyi. Mtundu ndi kukhuthala kwa chitsulo. Ndipo ntchito ikaima, chifukwa chake, mwa mawu ochepa osankha pa mndandanda: kudikira zidutswa, magetsi, makina awonongeka, kubwereza ntchito. Musaike malo oti munthu alembe nkhani, sadzalemba.

Mkulu_wa_shifiti:
Ndipo musanagawe makadiwo, khalani pansi ndi anyamata muwauze chifukwa chake. Munthu akaona kuti ayamba kumuyeza ndi wotchi amaganiza za malipiro ake kapena za kuchotsedwa ntchito, ndipo adzakulemberani manambala oti adziteteze nawo. Wachangu adzachedwetsa dala kuti musamuwonjezere ntchito. Dzina la munthu musaliike pa kadi miyezi yoyambirira, ikani la makina okha. Komanso wotchi ya pakhoma ikhale poti wowotcherera aione asanavule magolovesi, chifukwa foni ili m'thumba la ovolosi palibe amene adzaitulutse ndi manja akuda.